Kuyambitsa kalabu ya achinyamata yopewa ngozi za moto

Ku Germany ana amalowa m'magulu otchedwa Jugendfeuerwehr, momwe amaphunzitsidwa ndi ozimitsa moto a m'dera lawo, ndipo bungwe la magulu amenewa la dziko lonse lakhalapo kuyambira mu 1964. Ku Britain zoterezi amazitcha Fire Cadets, ndipo ambiri mwa achinyamatawo amakhala a zaka 13 mpaka 17. Anzathuwo ali ndi siteshoni ya ozimitsa moto pafupi. Kuno kwathu ozimitsa moto amapezeka makamaka m'makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, kotero moto ukabuka pasukulu yogonera konko ku Ntchisi kapena ku Nsanje, galimoto yozimitsa moto imadzapeza phulusa lokha. Opulumutsa anthu ndi amene ali pamalopo m'mphindi zoyambirira, ndipo pasukulu ambiri mwa iwo ndi ana.

Tigwirizane chinthu chimodzi tisanapite patali. Kalabu imeneyi si yotumiza ana kukalimbana ndi moto. Ntchito yake yaikulu ndi kupewa moto, kuchenjeza ena msanga, kutulutsa anthu mwadongosolo ndi kuthandiza amene wapsa. Kuzimitsa kumabwera kumapeto, ndipo ndi kwa moto waung'ono wokha. Mphunzitsi amene wayamba ndi kugwiritsa ana botolo lozimitsira moto wawapatsa mtima woti angathe, asanawaphunzitse nthawi yoyenera kuthawa.

Choyamba: chilolezo, akuluakulu ndi mamembala

Yambani ndi mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu, ndipo ngati kalabuyo ndi ya kutchalitchi, kumzikiti kapena m'mudzi, a mfumu ndi komiti yoona za ngozi m'mudzimo adziwe. Kholo lililonse lisayine kalata yovomereza, ndipo lilembemo ngati mwanayo ali ndi mphumu kapena khunyu. Ana otere asakanizidwe kulowa, koma asayandikire utsi kapena moto pa nthawi yoyeserera. Angathe kugwira kaundula, wotchi kapena foni.

Pakhale akuluakulu awiri, bambo ndi mayi, pa msonkhano uliwonse. Mamembala asapitirire 24, muwagawe m'magulu anayi a anthu 6, ndipo theka akhale atsikana. Izi si zongokongoletsa: m'makomo ambiri amene amakhala pafupi ndi mbaula, mafuta otentha ndi ana aang'ono ndi atsikana. Lemberani kalata ozimitsa moto a kukhonsolo yoyandikana nanu kuwapempha kuti adzaphunzitse kamodzi pa teremu, ndipo muwafunse nambala ya foni yofika kusiteshoni kwenikweniko. Pa za thandizo loyamba pemphani a Malawi Red Cross Society.

Zipangizo zoyambira si zodula: ndowa 4 zachitsulo zodzaza mchenga wouma, ndowa 4 za madzi za malita 20, wezulo, matochi awiri, bulangete lochindikala la thonje kapena la ubweya, makasu, zikwanje, ndi buku lolembamo. Bulangete la nayiloni lisakhalepo chifukwa limasungunuka n'kumata pakhungu. Ndalama zikapezeka gulani botolo la ufa lozimitsira moto la makilogalamu 4.5 kapena 9.

Chachiwiri: adziwe chimene moto umadya

Masabata awiri oyamba akhale a phunziro limodzi. Moto umafuna zinthu zitatu: choyaka, kutentha ndi mpweya. Mukachotsa chimodzi umafa. Yatsani kandulo, muivundikire ndi tambula yagalasi, ana awerenge masekondi mpaka izime. Kenako afunseni kuti madzi amachotsa chiyani, mchenga umachotsa chiyani, kulambula udzu kumachotsa chiyani. Mwana amene wamvetsa zimenezi amadziwa yekha chifukwa chake kutsekula zitseko zonse za nyumba yoyaka kumakolezera motowo.

Atsindikireni za utsi. M'nyumba zoyaka anthu ambiri amafa ndi utsi malawi asanawafike. Utsi wotentha umakwera kudenga n'kumatsika pang'onopang'ono, ndiye mpweya wabwinoko umatsalira pansi. Ayesere kukwawa ndi manja ndi mawondo pansi pa nsalu imene anzawo aigwira mita imodzi kuchokera pansi. Asanatsekule chitseko achikhudze ndi kuseri kwa dzanja, chikatentha asatsekule. Potuluka azitseka chitseko kumbuyo kwawo, koma osakiya.

Chachitatu: kuyendera malo

Apa ndi pamene kalabu imapulumutsa anthu ambiri, ngakhale palibe amene adzaiombere m'manja. Gulu lililonse lipatsidwe mbali yake, liziyendera kamodzi pa mwezi limodzi ndi wamkulu.

Yambani ndi hositelo. Kodi zitseko zimatsekukira kunja? Chitseko chotsekukira mkati chimakanika anthu 40 akachiunjikana. Kodi makomo alipo awiri, kapena lachiwirilo linatsekedwa ndi mabedi ndi masutikesi? Kodi usiku amakiya ndi loko kunja? Nanga zitsulo za m'mazenera, pali zenera lina limene zitsulo zake zimatsekuka kuchokera mkati? Mu March 2001 ophunzira 67 anafa pa moto wa m'hositelo pasukulu ya sekondale ya Kyanguli ku Machakos m'dziko la Kenya. Khomo limodzi linali lokiya ndipo m'mazenera munali zitsulo. Kukiyira ana kunja poopa kuti angathawe usiku ndi chinthu chimene komiti ya sukulu iyenera kuletseratu. Loko akhale mkati, ndipo kiyi azikhala pa msomali pafupi ndi khomo, pamalo amene aliyense angapeze mumdima.

Kenako onani zoyatsa moto. Magetsi akazima ana amawerengera kandulo pabedi, pafupi ndi neti ya udzudzu ndi matiresi. Matiresi a siponji amayaka msanga, amadontha moto ndipo utsi wake wakuda ndi wapoizoni. Kungoletsa kandulo sikuthandiza ngati palibe china chowunikira, choncho lipoti la kalabu lipemphe nyale za sola. Fufuzani zowiritsira madzi zimene ana amapanga okha ndi mawaya osakuta, masoketi akuda kapena onunkha pulasitiki wopserera, ekisitenshoni imodzi yosenza simbi, ketulo ndi mafoni ambirimbiri, komanso mawaya olumikiza ndi pepala la pulasitiki. Ana asakonze okha chilichonse cha magetsi. Alembe, wodziwa ntchito ya magetsi adzakonze.

Kukhitchini nkhuni zisaunjikidwe pambali pa ng'anjo, ndipo phulusa lizithiridwa madzi lisanatayidwe kudzala, chifukwa makala amatha kukhala amoyo m'phulusa mpaka tsiku lotsatira. Mafuta a jenereta asungidwe m'chipinda chapadera, kutali ndi pogona anthu.

Chilichonse chimene apeza chilembedwe m'buku motere: vuto, malo, tsiku, amene akonze, ndi tsiku lomaliza kukonza. Popanda dzina la wokonza ndi tsiku, lipoti limagona m'kabati mpaka teremu itatha. Mwezi wotsatira gulu liyambe ndi kuona ngati zakale zija zinakonzedwa.

Chachinayi: kuyeserera kutuluka

Jambulani mapu a sukulu, musonyeze makomo onse ndi malo osonkhanirana. Malowo akhale poyera ngati pabwalo la mpira, kutali ndi nyumba, mawaya a magetsi ndi udzu wautali, ndipo asatseke njira yolowera magalimoto. Sankhani kulira kwa chenjezo kosiyana ndi belu la masiku onse, mwachitsanzo kumenya chitsulo mosalekeza kwinaku mukufuula kuti "Moto! Moto!" Ngati kulirako kufanana ndi belu la nthawi yopuma, theka la sukulu likhala pansi kudikira aphunzitsi.

M'chipinda chilichonse mukhale mamembala awiri, wina wotsogolera mzere, wina wotsalira kumbuyo kuona pansi pa mabedi ndi kubafa, kenako n'kutseka chitseko. Wophunzira aliyense wovutika kuyenda, wosaona kapena wosamva akhale ndi anzake awiri odziwika ndi mayina oti amutulutse. Wosamva sangadzuke ndi belu, ayenera kugwedezedwa. Pamalo osonkhanirana anthu aime m'makalasi mwawo ndipo mayina aitanidwe kuchokera m'kaundula. Wina akasowa auzidwe wamkulu nthawi yomweyo, ndi malo amene anaonedwa komaliza. Mwana aliyense asabwerere kukamufuna.

Ulendo woyamba auzeni onse tsiku ndi ola, ayende pang'onopang'ono. Kuyeserera kodzidzimutsa anthu asanaphunzire njira kumavulaza, ena amapondana pakhomo, ena amadumpha pazenera. Ulendo wachiwiri gwirani wotchi. Wachitatu imikani membala pakhomo lalikulu atanyamula chikwangwani cholembedwa kuti "Pano pali moto," kuti anthu azolowere khomo lina. Pasukulu yogonera konko, kamodzi pa teremu yeserani kutada magetsi atazimitsidwa, pakuti moto wa m'hositelo umakonda kubuka anthu ali m'tulo. Cholinga chikhale choti nyumba yopanda chipinda chapamwamba ikhale itatulukidwa pasanathe mphindi 3.

Zolakwika zimabwerezabwereza paliponse. Wina amabwerera kukatenga foni kapena ndalama za fizi. Kaundula amakhala atakiyidwa muofesi, mwini kiyi ali kunyumba, choncho kope lina likhale ndi matironi ndi mlonda. Anthu amathamanga, mmodzi akagwa pakhomo onse amatsekeka. Ndipo kawirikawiri aliyense amaganiza kuti mnzake waimba kale foni. Patsani ntchito yoimba foni kwa munthu mmodzi ndi womulowa m'malo. Ayesere kunena mwachidule chimene chikuyaka, malo enieni ndi chizindikiro chodziwika cha panjira, ngati muli anthu mkati, ndi nambala yake. Asadule foni mpaka wolandirayo atamaliza mafunso, ndipo wina akadikire galimoto pamphambano.

Chachisanu: moto waung'ono

Phunziro ili libwere ana atadziwa kale kutuluka. Lamulo lake n'losavuta kukumbukira: zimitsa pokhapokha ngati anthu achenjezedwa kale, motowo sunapose kukula kwa ndowa, utsi sunadzaze chipinda, ndipo khomo lili kumbuyo kwako. Chimodzi chikasowa, tuluka.

Madzi ndi ozimitsira moto wa nkhuni, mapepala, nsalu ndi udzu basi. Mafuta ophikira akayaka m'poto, zimitsani chitofu kapena gasi, tsetserekani chivindikiro chachitsulo pamwamba kuchokera mbali yanu, ndipo musavundukule kwa mphindi 30. Musanyamule potoyo kuthamangira nayo panja. Madzi akagwera m'mafuta otentha amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, lita imodzi imatulutsa nthunzi yokwana malita pafupifupi 1,700, ndipo nthunziyo imaponya mafuta oyaka kumaso ndi kudenga. Petulo ndi parafini zimayandama pamadzi, ndiye madzi amangomwaza motowo. Pamenepo thirani mchenga kapena dothi kuyambira m'mphepete. Moto wa magetsi, thimitsani kaye pa switchi yaikulu ya nyumba yonse, ndipo membala aliyense adziwe pamene ili.

Gasi wophikira wafala m'matauni ndipo ali ndi malamulo ake. Mukamva fungo lake musayatse machesi, musakhudze switchi ya magetsi, kaya kuyatsa kaya kuzimitsa. Tsekani pamutu pa silinda, tsekulani zitseko ndi mazenera, tulukani. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, amayenda pansi ndi kudikha m'makona. Pofuna kudziwa pamene akutulukira pakani madzi a sopo pa paipi ndi polumikizira, pakatuluka thovu ndi pomwepo.

Muwauzenso mosabisa za thanki ya mafuta imene yagwa kapena ikudontha pamsewu. Mu November 2016 anthu oposa 70 anafa ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, thanki itaphulika anthu akutunga petulo. Chimene chimayaka ndi mpweya wa petuloyo, umene umafika patali ndi pamene pali mafuta. Membala wa kalabu akaona zotere athawe, aletse anzake, osapita ndi chigubu.

Botolo lozimitsira moto aligwire a zaka 15 kupita m'tsogolo, pamaso pa wozimitsa moto kapena wamkulu wophunzitsidwa. Imani mamita awiri kapena atatu kuchokera pamoto, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu. Solola kapini kotchinga chogwirira, loza paipi patsinde pa moto osati pamalawi, finya chogwirira, yendetsa uku ndi uku. Ambiri amadabwa kuti botolo la ufa limatha pasanathe theka la mphindi, ndiye kuloza m'mwamba ndi kutaya mwayi wonse. Moto ukazima bwererani chafutambuyo mukuuyang'ana, chifukwa ufa suziziritsa ndipo moto ungayambirenso. Botolo la mpweya wa kaboni, lija lili ndi kukamwa kwakukulu ngati lipenga, musaligwire kukamwako chifukwa kumazizira mpaka kuwononga khungu. Mwezi uliwonse onani ngati muvi wa geji uli pobiriwira ndipo kapini kali m'malo, mulitembenuze kangapo kuti ufa usaumbike pansi. Akatswiri aliunike chaka chilichonse. Botolo limene lafinyidwa ngakhale pang'ono lipite kukadzazidwanso, pakuti mphamvu yake imatha yokha m'masiku ochepa.

Poyeserera gwiritsani ntchito beseni lachitsulo ndi nkhuni zochepa, pabwalo lopanda udzu, ndowa za madzi zili pambali. Woyatsa ndi wamkulu yekha, ndipo petulo asayandikire. Ana avale zovala za thonje ndi nsapato zotseka.

Chachisanu ndi chimodzi: munthu akapsa

Zovala zikagwira moto munthu amafuna kuthamanga, ndipo mphepo imakoleza motowo. Aime, agone pansi, aphimbe nkhope ndi manja, agubuduke. Womuthandiza amukute ndi bulangete kuyambira m'khosi kutsika. Izi ziyeseredwe mpaka thupi lizolowere.

Bala la moto lithiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. N'zotalika, ndipo ambiri amasiya pa mphindi ziwiri pamene kutentha kukadalowabe mkati mwa khungu. Pomwe palibe mpopi, thirani ndi kapu kuchokera m'ndowa mosalekeza. Vulani mphete, zibangili ndi wotchi malowo asanatupe, koma nsalu imene yamatirira pakhungu isiyeni. Musaike ayezi, musaboole matuza, ndipo musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta, mchere kapena dothi. Zimenezi zimalowetsa tizilombo, ndipo kuchipatala amayamba ndi kuzichotsa, wodwala akumva ululu. Phimbani ndi nsalu yoyera yopanda ubweya. Ngati ndi mwana wamng'ono, ziziritsani bala lokha, thupi lonse mulifunditse kuti asazizidwe. Pitani kuchipatala msanga ngati bala laposa chikhatho cha wopsayo, lili kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena polumikizana mafupa, ngati khungu layera kapena lada osapweteka, ngati wapsa ndi magetsi, kapena wapuma utsi ndipo mawu asasa.

Pali zinthu ziwiri zimene kalabu iyenera kukazinena m'mudzi mokweza. Khunyu sapatsirana. Munthu wakhunyu akagwera pamoto, mukokeni nthawi yomweyo, malovu ake sangakudwalitseni, ndipo anthu ambiri apsa koopsa chifukwa owazungulira ankaopa kuwakhudza. China ndi mbaula m'nyumba yotseka m'miyezi ya June ndi July. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, kenako tulo tosadzuka. Mbaula itulutsidwe panja anthu asanagone. Mukapeza anthu atafooka m'chipinda chotere, tsekulani chitseko ndi mazenera, atulutseni, muthamangire nawo kuchipatala ngakhale aoneke ngati atsitsimuka.

Moto wolusa wa m'tchire

Kuyambira August mpaka mvula itagwa, sukulu zambiri zimakhala zitazingidwa ndi udzu wouma. Ntchito ya kalabu ichitike kale, mu June kapena July: kulambula msewu wotchinga moto wosachepera mamita 5 m'lifupi kuzungulira nyumba, nkhokwe ndi nkhalango ya sukulu, mpaka dothi lioneke. Udzu wodulidwawo uchotsedwe, usaunjikidwe m'mphepete. Kumene udzu ndi wautali kapena kuli chitunda, msewuwo ukule, chifukwa moto umathamanga kwambiri pokwera phiri.

Moto wolusa ukabwera, kuuthira nthambi zaziwisi ndi ntchito ya akuluakulu, ndipo iwonso amaumenya cham'mbali, osati kutsogolo kumene mphepo ikuupititsa. Ana atunge madzi, atulutse aang'ono ndi ziweto. Wopezeka pakati asathawire kumtunda, apite chotsika cham'mbali kapena pamalo amene papsa kale. Ndipo poti moto wambiri wotere umayamba ndi osaka mbewa ndi otentha mapesi m'munda, mamembala ali ndi mwayi umene akuluakulu alibe: osaka mbewawo ndi anzawo, amawadziwa ndi mayina.

Kuti kalabu ikule ndi ana ake

Udindo uzisinthana teremu iliyonse, kuti aliyense alaweko kutsogolera gulu, kulemba lipoti ndi kuima pamaso pa mphunzitsi wamkulu kufotokoza chimene chalakwika. Mwana wamanyazi amene waphunzira kuitana mayina a anzake 60 mokweza pa nthawi ya chipwirikiti wapindula chinthu chimene sichilembedwa pa mayeso. Membala aliyense akayendere kwawo ndi makomo awiri oyandikana nawo, akaone pamene amasunga machesi ndi parafini, pamene amaika kandulo, ndi ngati ana aang'ono amatsekeredwa m'nyumba okha makolo akapita kumunda kapena kumsika. Parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa achotsedwe, ana amamwa poyesa madzi. Akapita kumsika kukaphunzitsa, apite ndi wamkulu ndipo adzere kwa wapampando wa msika.

Satifiketi iperekedwe kwa amene waonetsa ndi manja, osati wongoyankha papepala: akwawe pansi pa utsi woyerekeza, aimbe foni yoyeserera, azimitse poto ndi chivindikiro, athandize wopsa kwa mphindi zonse 20.

Makalabu ambiri amafa mphunzitsi wowayang'anira akasamutsidwa kapena a Fomu 4 akamaliza. Choncho oyang'anira akhale awiri kuyambira pachiyambi, buku ndi mapu zikhale za sukulu, ndipo m'teremu yachiwiri mamembala akale a kalabu aphunzitse owalowa m'malo ochokera ku Fomu 1 ndi 2. Kuyeserera koyamba kwa chaka kuchitike m'sabata yoyamba yotsegulira sukulu, chifukwa ana atsopano amagona m'hositelo usiku woyamba asakudziwa kumene kuli khomo lachiwiri.